Kukaona nsomba kuseri kwa galasi: ulendo wa banja ku Durban ndi ku Cape Town

Mwezi wa Disembala ukayandikira, sukulu zitatsekera, m'nyumba zambiri za ku Area 49 mumayamba kumveka nkhani za ulendo. Ku Gulliver, ku Shire ngakhalenso ku Dubai, n'kovuta kupeza mzere wa nyumba wopanda banja limene lili ndi m'bale ku Joni. Kwina bambo adapita kalekale ndipo ana amawadziwira pa foni. Kwina adapita ndi mayi, malume kapena azakhali. Ndalama zikalola, ana amakwezedwa basi kuti akathe masabata awiri kapena atatu ndi kholo lawo. Ulendowo si wamasewera. Basi imadutsa ku Tete m'dziko la Mozambique, n'kulowa mu Zimbabwe pa Nyamapanda, kudutsa Harare, kukaima nthawi yaitali pa Beitbridge, ndipo ku Johannesburg imakafika patapita tsiku lathunthu ndi theka, nthawi zina kuposerapo. Amene akupitirira ku Durban amaonjezerapo makilomita pafupifupi 570, ndipo a ku Cape Town pafupifupi 1,400.

Anawa akabwerako timakonda kuwafunsa zimene adaona. Ambiri amatchula masitolo akuluakulu, zikepe, nsapato zatsopano ndi nkhuku yokazinga. Palibe cholakwa pamenepo, koma masitolo tili nawo pa Gateway pomwepa, ndipo sitikuona chifukwa chodutsira mayiko atatu kukaona chinthu chimene chili kuseri kwa nyumba. M'nkhani ino tikufuna kufotokoza za malo ena amene banja lingapiteko tsiku limodzi la ulendowo, malo amene aakulu ngati amenewo kwathu kuno kulibe. Pa Chingerezi amawatcha aquarium. Chichewa chilibe dzina lake, choncho ife tiziti nyumba ya nsomba.

Nyumba ya nsomba n'chiyani

Munthu amene adakulira kutali ndi nyanja nsomba amaidziwa itafa. Amaiona ili pa thebulo pamsika, youma kapena yowamba, mutu utapindika, mtundu wake utazilala. Ngakhale msodzi amene moyo wake wonse wathera m'bwato amaiona nsomba kuchokera pamwamba, kapena ikuphupha mu ukonde. Nyumba ya nsomba idamangidwa kuti munthu aime pouma, nkhope yake ili pa msinkhu umodzi ndi nsomba, n'kuiona ikusambira, ikudya, ikubisala, ikuteteza malo ake. Ndi mathanki aakulu a madzi okhala ndi khoma loonekera, ndipo anthu amayenda m'tinjira ta mdima pang'ono kuti kuwala kukhale m'madzimo.

Nyumba yoyamba yotere yotsegulidwa kwa anthu onse idali ya ku London, m'chaka cha 1853, ndipo mathanki ake adali aang'ono chifukwa galasi la masiku amenewo silikadapirira kulemera kwa madzi ambiri. Masiku ano makoma oonekerawo sakhalanso a galasi wamba. Amapangidwa ndi pulasitiki yolimba kwambiri yotchedwa acrylic, imene m'mathanki aakulu imachindikala kuposa khoma la nyumba ya njerwa. N'chifukwa chake mizinda yolemera idayamba kupikisana. Ku Atlanta m'dziko la America adatsegula yaikulu m'chaka cha 2005, ndipo ku Dubai weniweni, osati wathu uno wa fumbi, adaika thanki la malita 10 miliyoni m'kati mwa sitolo m'chaka cha 2008. Ife sitifunika kupita kutali chotero. Nyumba ziwiri zodziwika bwino za chigawo chino cha Africa zili m'mizinda iwiri imene Amalawi ambiri amakhalako kale.

Ya ku Durban ili m'malo otchedwa uShaka Marine World, pafupi ndi pakamwa pa doko, ndipo idatsegulidwa pa 30 Epulo 2004. Idalowa m'malo mwa nyumba yakale imene idakhalapo mumzindawo kuyambira 1959. Amene adaimanga adaipanga ngati sitima yakale yonyamula katundu imene idasweka n'kumira: mlendo amatsika masitepe kulowa m'mimba mwa sitimayo, pakati pa zitsulo zadzimbiri ndi zingwe, ndipo mawindo ake ndiwo amayang'ana m'mathanki. Mathankiwo alipo oposa 30 ndipo onse pamodzi amasunga madzi okwana malita pafupifupi 17.5 miliyoni. Mayi wa ku Area 49 amene amadziwa kulemera kwa ndowa ya malita 20 tsiku limene mpopi wauma angamvetse bwino tikanena kuti zimenezo ndi ndowa 875,000.

Ya ku Cape Town, yotchedwa Two Oceans Aquarium, ndi yocheperapo ndipo ilibe phokoso lambiri. Idatsegulidwa pa 13 Novembala 1995 pa V&A Waterfront. Dzina lake limakamba za nyanja ziwiri, ya Atlantic ndi ya Indian, zimene zimakumana kumunsi kwenikweni kwa Africa, pa Cape Agulhas, makilomita oposa 150 kuchokera mumzindawo. Mbali ya kum'mawa madzi ndi ofunda chifukwa amatsika kuchokera ku gombe la Mozambique. Mbali ya kumadzulo ndi ozizira chifukwa amavumbuka kuchokera pansi pa nyanja. Nsomba za madzi ofunda ndi zamawangamawanga ngati chitenje, za madzi ozizira ndi zotuwa koma zochuluka. M'nyumbamo muli thanki limene mumamera zomera zam'nyanja zotalika ngati mitengo, zotchedwa kelp, zimene zimagwedezeka uku ndi uku ngati nsungwi pamphepo. Mulinso thanki la malita 1.6 miliyoni, lotsegulidwa mu 2016, limene pansi pake padutsa kanjira koonekera kotalika mamita 10, kotero kuti nsomba zaphanthiphanthi ngati lichero zimadutsa pamwamba pa mutu wa munthu. Ifeyo tidalowa m'kanjira kameneka tili akuluakulu kale, imvi zitayamba, ndipo sitichita manyazi kunena kuti tidaweramitsa mutu pamene nsomba yoyamba idadutsa.

Zimene zimachitika kuseri kwa khoma

Ana amafunsa mafunso, ndipo kholo limene layankha kuti "ndi za Azungu zimenezo" lataya theka la ndalama imene lidalipira pakhomo. Choncho tiyeni tione mayankho a mafunso amene amabwera kawirikawiri.

Loyamba ndi lakuti: kodi madziwa saola? Aliyense amene adayesapo kusunga matemba m'chidebe amadziwa kuti pofika m'mawa amakhala atayandama. Chimawapha ndi zinthu ziwiri. Mpweya wa m'madzi umatha, ndipo zonyansa zimene nsomba zimatulutsa zimadzaza madziwo ndi amoniya, amene ndi poizoni kwa nsomba ngakhale atakhala wochepa. M'nyanja vutoli silioneka chifukwa madzi ndi ambiri ndipo amayenda. M'thanki, anthu amayenera kuchita ndi makina zimene nyanja imachita yokha. Madzi amapopedwa usana ndi usiku kudutsa mu mchenga umene umasefa zinyalala, kenaka amadutsa pa timiyala pamene pamakhala tizilombo tosaoneka ndi maso. Tizilomboti timasandutsa amoniya kukhala mchere wina wosaopsa kwenikweni. Makina ena amathira mpweya, ena amatenthetsa kapena kuziziritsa madzi malinga ndi kumene nsombazo zidachokera. Nyumba zonse ziwirizi zili m'mphepete mwa nyanja, choncho zimatunganso madzi atsopano m'nyanja momwemo. Magetsi akangothima kwa maola angapo popanda injini zapadera, nsomba zimayamba kufa. Mwina owerenga athu aona kale chifukwa chimodzi chimene nyumba yotere ingakhalire yovuta kuiyendetsa kuno kwathu.

Lachiwiri: bwanji shaki sizidya nsomba zinzake? Zimadyetsedwa mokwanira ndipo nthawi yake ndi yodziwika. Shaki yokhuta siona chifukwa chothamangitsira nyama yamoyo, ngakhale kuti nthawi zina kansomba kamodzi kamasowa usiku. Akatswiri osambira pansi pa madzi amalowa m'mathanki ndi chakudya, ndipo ndi bwino kufunsa pakhomo nthawi imene amachita zimenezi, chifukwa ndi pamene nsomba zobisala zimatulukira. Mwana amene waona munthu ataima pakati pa shaki osavulazidwa amayamba kukayikira zimene adaona m'mafilimu.

Lachitatu limatikhudza ife eni: kodi chambo chingakhale m'menemu? Ayi. Madzi a nyanja yamchere ali ndi magalamu pafupifupi 35 a mchere pa lita imodzi, kutanthauza kuti ndowa ya malita 20 itaphwa ingasiye magalamu 700, mchere wokwanira banja kwa masabata angapo. Thupi la nsomba ya m'nyanja yathu lidazolowera kutulutsa madzi ambiri n'kusunga mchere. La nsomba ya m'nyanja yamchere limachita zosiyana, limamwa madzi n'kutulutsa mchere kudzera m'makha. Mukasinthanitsa, ina imauma ili m'madzi, ina imafufuma.

Kodi khoma silingasweke? Funso ili amafunsa ndi akuluakulu, motsitsa mawu. Zidachitikapo: pa 16 Disembala 2022 thanki lalitali la mu hotela ina ku Berlin lidaphulika m'mbandakucha, madzi okwana malita miliyoni imodzi adasefukira mumsewu ndipo nsomba pafupifupi 1,500 zidafa. Nkhaniyo idamveka padziko lonse chifukwa zotere sizichitikachitika. Ngozi imene ili pamsewu wa ku Beitbridge ndi yaikulu kwambiri kuposa imeneyi.

Kayendedwe kake m'nyumbamo

Cholakwa chachikulu chimene timaona ndi liwiro. Banja limalowa, bambo ali patsogolo ndi foni m'mwamba, kujambula thanki lililonse, ndipo pakutha pa mphindi makumi anayi onse atuluka, kumafunsana kumene kuli chakudya. Zithunzizo zimatuluka zakuda ndipo palibe amene amaziyang'ananso. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo sitikudziwa malo ena amene mwambiwu umagwira ntchito kwenikweni kuposa pano. Thanki limene poyamba likuoneka ngati muli miyala yokha, mukaimapo mphindi zisanu mwala wina umatsegula diso. Mchenga umagwedezeka, n'kukhala nsomba. Nyama ya miyendo isanu ndi itatu yotchedwa octopus imasintha mtundu wa khungu lake inu mukuona. Ndi bwino kusankha mathanki asanu kapena asanu ndi limodzi n'kukhalapo nthawi, kusiyana ndi kuthamanga m'mathanki onse.

Msiyeni mwana atsogolere. Wamng'ono angathe kukanirira pa thanki la tinsomba tofiira pamene inu mukufuna kukaona shaki, musamukoke. Wamkulu muuzeni aziwerengera banja lonse zolembedwa pa zikwangwani n'kumasulira m'Chichewa. Kwa bambo amene wakhala zaka zinayi osaonana ndi ana ake, zimenezi n'zamtengo wapatali kuposa nsombazo. Tamvapo abambo angapo akudandaula kuti ana atafika ku Joni ankangoti zii, kuyankha "inde" ndi "ayi" ngati ali pamaso pa ahedi. Si mwano, ndi kusazolowerana. Kukhala maso ndi maso pabalaza kumaonjezera manyaziwo. Koma anthu awiri akaima phewa ndi phewa, onse akuyang'ana chinthu chachitatu chimene onse sadachionepo, mawu amabwera okha. Bambo sadziwa dzina la nsombayo, mwana nayenso salidziwa, ndipo kwa kanthawi onse ndi ofanana. Tikawaonetsa kansomba koimirira kotchedwa seahorse n'kuwauza kuti mazira ake amanyamula ndi wamwamuna m'thumba la pamimba mpaka ataswa, amayi amaseka, ndipo nkhani ya tsiku lonse yapezeka.

Pali malamulo awiri amene ana ayenera kuuzidwa asanalowe. Osagogoda pakhoma, chifukwa phokoso limayenda kwambiri m'madzi ndipo nsomba zimamva kugunda kulikonse ndi thupi lonse. Osajambula ndi kuwala kwa foni. Pamene pali tizithaphwi tolola kugwira zamoyo zina, agwire ndi chala chimodzi, mogwirizana ndi malangizo a ogwira ntchito.

Za ndalama sitibisa. Chiyambire kutsika kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, randi iliyonse imaluma. Matikiti a banja la anthu asanu si ndalama yochepa kwa munthu wogwira ntchito ya m'munda wamaluwa kapena ya m'sitolo. Safunsa adadya phula: onani mitengo pa intaneti musananyamuke pakhomo, funsani ngati ana aang'ono ndi ophunzira amalipira zochepa, ndipo ku Durban dziwani kuti malo osewerera m'madzi ndi nyumba ya nsomba ndi zigawo ziwiri, choncho funsani tikiti ya chigawo chimene mukufunacho. Idyani kaye kunyumba. Pewani masiku a pakati pa Khrisimasi ndi Chaka Chatsopano pamene mzinda wonse umatsikira ku gombe. Tsiku la pakati pa sabata, m'mawa, ana amatha kufika pafupi ndi khoma popanda kukankhana. Mwana aliyense akhale ndi kapepala ka nambala ya foni ya kholo m'thumba, pakuti m'tinjiramo muli mdima ndi anthu ambiri. Ndipo musaiwale kuwerenga masiku amene adadindidwa mu pasipoti pa Beitbridge: amene wapyola masiku ake amaletsedwa kulowanso m'dzikomo kwa nthawi, ndipo mwana sadzaonanso bambo ake Disembala winayo.

Nkhani imene sitiyenera kuizemba

Ku Durban kuli bwalo lalikulu kumene nyama zotchedwa dolphin zimalumpha ndi kusewera pamaso pa anthu. Ana amakondwa kwambiri, ndipo si zodabwitsa. Koma dolphin si nsomba. Imapuma mpweya ngati ife, imabereka mwana wamoyo n'kumuyamwitsa, imakhala m'magulu ndipo m'nyanja imayenda makilomita ambiri pa tsiku. Kodi n'koyenera kuisunga m'dziwe moyo wake wonse? Anthu akhala akutsutsana kwa zaka zambiri, ndipo dziko la Canada lidakhazikitsa lamulo mu 2019 loletsa kugwira ndi kuswanitsa nyama zotere m'malo osungiramo. Oteteza malowa amati zambiri mwa nyamazi zidabadwira momwemo ndipo sizingathe kudzisamala m'nyanja, komanso kuti munthu sasamala chinthu chimene sadachionepo. Mbali zonse zili ndi mfundo. Ife maganizo athu ndi akuti nsomba yaing'ono imene moyo wake wonse umathera pa mwala umodzi siitaya zambiri m'thanki labwino, koma nyama yaikulu yanzeru imataya zambiri. Sitikuletsa banja kukaonera, koma mwana wa zaka khumi ndi ziwiri angathe kufunsidwa potuluka kuti iye akuganiza bwanji, ndipo yankho lake limvedwe.

Chimene chimatipangitsa kulemekeza nyumba ziwirizi ndi ntchito imene mlendo saiona. Ya ku Durban imayendetsedwa ndi bungwe la kafukufuku wa zam'nyanja lotchedwa SAAMBR, limene lidakhazikitsidwa mu 1951. Ya ku Cape Town imalandira chaka chilichonse tiana ta akamba am'nyanja timene mafunde amatitaya pa gombe titazizidwa, ndipo tambiri timapezeka titameza tizidutswa ta pulasitiki. Amatisamala mpaka titachira n'kutibwezera m'nyanja. Kamba wina wotchedwa Yoshi adafika m'nyumbamo mu 1997 ali wamng'ono ngati mbale, atavulala. Adakhalamo zaka 20 mpaka kufika makilogalamu oposa 180, ndipo mu Disembala 2017 adamumasula atamumata kachipangizo kolondolera. Adakwera mpaka ku gombe la Angola, n'kubwerera, n'kuwoloka nyanja yonse ya Indian kukafika ku Australia. M'zaka zosakwana zitatu adasambira makilomita oposa 40,000.

Nyumba zonse ziwiri zili ndi mbalame zosauluka zotchedwa penguin, za mtundu wa kuno ku Africa, zimene zimayenda ngati munthu wovala suti yothina ndipo zimalira ngati bulu. Ana amaziseka. Koma mu 2024 mbalamezi zidaikidwa m'gulu la zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu, ndipo chimodzi mwa zifukwa zikuluzikulu n'chakuti tinsomba timene zimadya tachepa m'nyanja, pakati pa zina chifukwa cha usodzi wopyola muyeso. Mmalawi akamva zimenezi sayenera kuona ngati ndi nkhani yachilendo.

Chuma chimene tidachisiya kunyumba

Pano ndi pamene pagona nkhani yathu. Mukalowa m'sitolo yogulitsa nsomba zoweta m'nyumba ku Johannesburg, ku Germany, ku Japan kapena ku America, kawirikawiri mudzapeza thanki lolembedwa dzina la dziko lathu. M'menemo muli tinsomba tabuluu, tachikasu, tamizeremizere, timene anthu akunja amatigula ndi ndalama zambiri n'kutisamala ngati ana. Ndi mbuna za m'nyanja ya Malawi. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970 malemu Stuart Grant ankazigwira ndi kuzitumiza kunja kuchokera ku Senga Bay, m'boma la Salima, ndipo lero zambiri zimaswanitsidwa kunja komweko. Alipo anthu ku Ulaya amene sangathe kutchula likulu la dziko lathu koma amadziwa mayina a Likoma, Chizumulu ndi Mbenji chifukwa cha nsomba za pa miyala ya zilumbazo.

Nyanja yathu ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere padziko lapansi. Akatswiri amati ya banja la chambo ndi mbuna yokha ndi yoposa 700, ndipo pafupifupi yonse sipezeka kwina kulikonse. Pa chifukwa chimenechi boma lidakhazikitsa Lake Malawi National Park ku Cape Maclear mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO lidaika malowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi. Zodabwitsa zimene timakalipira randi kuti tizione ku Durban ziliponso kuno. Chambo chachikazi chimasunga mazira m'kamwa kwa masabata angapo osadya, ndipo ana akaswa amathawiranso m'kamwa momwemo akaona mdani. Utaka wamphongo umaumba chulu cha mchenga pansi pa nyanja kuti ukope waukazi. Kaligono amagona cham'mbali pa mchenga ngati wafa, ndipo kansomba kakabwera kudzajompha mtembowo, iye amakameza. Mbuna za pa chilumba china zimasiyana mtundu ndi za pa chilumba choyandikana nacho, chifukwa siziwoloka mchenga wa pakati pake.

Koma ndi ana angati a ku Area 49 amene adaonapo mbuna yamoyo? Senga Bay ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 120 kuchokera ku Lilongwe, ulendo wopita m'mawa n'kubwerako madzulo. Amene amapitako ambiri amakaima m'madzi ofika m'mawondo, kujambulitsa, kudya ndi kubwerera, osadziwa chimene chili pansi pa miyala imene akuiona patsogolo pawo. Ndipo pamene tikuchedwa, chumacho chikuchepa. Mu 2018 bungwe la IUCN, limene limalemba zamoyo zimene zili pangozi, lidaika mitundu itatu ya chambo m'gulu lomwe lija la penguin, ndipo umodzi mwa mitunduyo mwina udatha kale. Zifukwa zake tikuzidziwa tonse: maukonde a maso aang'ono, maneti a udzudzu amene amakokolola kasawala asanakule, kukoka makoka pamalo pamene chambo chimaswanira, ndi dothi lokokoloka kuchokera m'mapiri amene tidadula mitengo. Ife a m'tauni sitingaloze chala asodzi okha, pakuti kasawalayo amathera m'miphika yathu. Jumbo imene yatayidwa mu ngalande ku Gulliver mvula imaitengera ku Lingadzi, Lingadzi amaipereka ku mtsinje wa Lilongwe, Lilongwe ku Linthipe, ndipo Linthipe amathira m'nyanja ku Salima komweko.

Sikuti palibe chimene chikuchitika. Pa chilumba cha Mbenji, anthu a kwa Mfumu Makanjira akhala akutseka usodzi m'miyezi ya mvula kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ndipo amatsegulanso cha mu Epulo ndi mwambo. Lamulolo lidachokera kwa mafumu, osati ku ofesi ya boma, ndipo akatswiri a zausodzi amabwera kudzaphunzira chifukwa chake nsomba za kumeneko zimakhala zazikulu kuposa za madoko ena. Mwana amene wamva ku Cape Town kuti anthu amatseka mbali ina ya nyanja kuti nsomba ziswane ayenera kuuzidwa kuti agogo a ku Salima adayamba kale zimenezo.

N'chifukwa chake tikuti banja limene lapita ku uShaka kapena ku Two Oceans lisaone ngati ulendo watha likatsika basi ku Lilongwe. Tchuthi chotsatira, kapena Loweruka lina m'nyengo yotentha pamene mwera waleka ndipo madzi ayera, likonze ulendo wa kunyanja. Ndipo mabanja ochuluka amene ku Joni sadzapitako angayambire pomwepa, osadziona ngati amanidwa kanthu. Ku Cape Maclear anyamata a mabwato a m'mudzi wa Chembe amatenga alendo kupita pa miyala ya chilumba cha Thumbi ndipo amabwereketsa magalasi ovala kumaso osambirira. Gwirizanani mtengo musanakwere, onetsetsani kuti m'bwatomo muli majekete oyandamitsa okwanira aliyense, ndipo amene sadziwa kusambira asavule jeketelo ngakhale madzi akuoneka osaya. Pobwerako funsani kuchipatala za mankhwala a likodzo, pakuti m'madera ena a gombelo matendawa alipo. Pa miyalapo sipafunika kumira. Mwana agwire m'mbali mwa bwato, aviike nkhope yokha m'madzi, akhale phee. Pakangopita mphindi imodzi mbuna zimatuluka m'mapanga mwake n'kuyamba kudya ndere za pa mwala pafupi ndi zala zake.